Musagulitse kamera chifukwa chotopa nayo

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi anzathu amene amajambula zithunzi pongofuna kusangalala, osati ngati ntchito yopezera ndalama. M'magulu a Facebook ndi WhatsApp ogulitsirana katundu simulephera kupezeka kamera yoti mwini wake akuigulitsa ikadali yonyezimira. Ena saigulitsa, amangoiponya m'kabati, n'kumaitulutsa pa ukwati wa mbale wawo basi. Mukawafunsa amati zojambula zinatha, kapena amati kamera yawo ndi yachikale ndipo akudikira kupeza ndalama zogulira yapamwamba. Zimenezi zimatipweteka mtima, chifukwa nthawi zambiri kamerayo imakhala ilibe mlandu. Munthu amatopa chifukwa amajambula zinthu zomwezomwezo, pa nthawi yomweyomweyo, ataima chimodzimodzi, zithunzi zake n'kumangounjikana m'foni popanda woziona. Lenzi yatsopano imabweretsa chisangalalo cha masabata awiri kapena atatu, kenako kutopa kuja kumabwerera pomwe ndalama zapita.

Chimene chimadzutsa chidwi msanga ndi kudzichepetsera zosankha. Sankhani chinthu chimodzi chomwe mungachifikire wapansi kuchokera kunyumba kwanu, mukhale nacho miyezi itatu kapena kuposerapo. Chikhoza kukhala chigayo cha m'dera lanu, siteji ya akabaza, wokhoma zidebe pamsika, telala wa pakhonde la sitolo, doko la asodzi kapena anthu oumba njerwa. Tiyeni titenge njerwazo. Ulendo woyamba mudzabwera ndi chithunzi chimene aliyense wodutsa pamsewu angajambule: mulu wa njerwa ndi anthu ataima akuyang'ana kamera. Ukafika ulendo wachinayi kapena wachisanu, anthu aja amakhala atakuzolowerani, sakuimanso chilili ngati asilikali, ndipo inu mwayamba kuona zimene poyamba zimakudutsani: mapazi akuponda dothi, chikombole chikumizidwa m'madzi, mizere ya njerwa zaziwisi itafunditsidwa udzu, ming'alu ya m'manja mwa woumba, ndiponso usiku wotentha uvuni pamene moto ukuoneka m'makomo ake ndipo nkhope za osonkhezera zafiira. Pa ulendo uliwonse yesetsani kubwera ndi mitundu itatu ya zithunzi: chotenga malo onse, chapakatikati choonetsa munthu ndi ntchito yake, ndi chapafupi kwambiri choonetsa manja kapena chida. Pakutha pa miyezi itatu mudzakhala ndi zithunzi 12 kapena 15 zofotokoza nkhani kuyambira pa dothi mpaka pa khoma, ndipo mudzadziwa chimene chikusowekabe. Chosowekacho ndi chimene chimakutulutsani m'nyumba Loweruka lotsatira.

Dzichepetsereninso chiwerengero. Filimu ya makamera akale inkatha pa zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula ankaganiza kaye asanadine. Dziikireni malire a 36 pa tsiku, osafufuta chilichonse mukadali pamalopo. Amene muli ndi lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi makamera ambiri a Canon ndi Nikon, iikeni pa 35mm, muimate ndi kachidutswa ka tepi kuti isazungulire, ikhale choncho mwezi wathunthu. Ojambula ndi foni musiye kukoka chithunzi ndi zala ziwiri, chifukwa pa mafoni ambiri kuteroko kumangodula chithunzi n'kuchifutukula, ndiye chimatuluka chophwanyikaphwanyika. Yendani ndi miyendo. Koma pojambula nkhope musayandikire kupitirira mita imodzi ndi theka, poti lenzi yaikulu ya foni ndi yotambalala ndipo pafupi imakulitsa mphuno ndi chipumi. Ndipo musanajambule pukutani kagalasi ka foniyo ndi nsalu yofewa. Mafuta a zala ndi amene amachititsa zithunzi zambiri za pafoni kuoneka mbuu ngati munajambulira mu utsi.

Tsopano za kuwala, pamene pagona nkhani yonse. Dziko lathu lili kufupi ndi equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera, choncho dzuwa limakwera mofulumira ndi kulowa mofulumira. Kuwala kofewa kwa m'mawa sikukhalitsa. M'Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 7 limakhala litauma kale. M'Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5. Likalowa mumakhala ndi mphindi 20 kapena 25 zokha za chisisira, nthawi imene thambo limakhala labuluu woderako ndipo nyali za m'misika zayatsidwa. Ambiri amalongedza kamera dzuwa likangobisika, pamene zithunzi zokoma zikuyamba kumene. Fikani pamalo theka la ola nthawi isanakwane, musankhiretu poima.

Malo amodzi omwewo amasintha nkhope ndi nyengo, ndipo wodziwa zimenezi sanganene kuti zojambula zatha. M'Juni dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndiye nyumba yoyang'ana kummwera imakhala mumthunzi tsiku lonse. M'Disembala limatulukira chakummwera kwa kummawa, khoma lomwe lija n'kuwala. Chakumayambiriro kwa Novembala komanso m'Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, maso a munthu amalowa mumdima wa zikope, ndipo si nthawi yojambula nkhope pabwalo. M'Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimabisa mapiri, moti phiri la Mulanje limatha kusowa ngakhale muli ku Thyolo. Imeneyo si nthawi yojambula zakutali, koma ndi imene dzuwa limalowa ngati mpira wofiira woti kamera imautenga bwino, komanso mitengo ya jacaranda imachita maluwa m'misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Mvula yoyamba ikatsuka mlengalenga, m'mawa wotsatira mapiri amaoneka ngati ali pafupi, ndipo tsiku limenelo ndi loti musaliphonye. Chiperoni cha m'Juni ndi Julayi, chimene ambiri amachiona ngati chowononga tsiku, chimapereka kuwala kofewa kopanda mithunzi, koyenera nkhope za anthu ndi minda ya tiyi. Kunyanja kumbukirani kuti magombe athu ambiri, monga Senga Bay ndi Nkhata Bay, ayang'ana kummawa, ndiye chithunzi cha dzuwa pamadzi n'cha m'bandakucha. Wofuna dzuwa likulowa m'madzi apite ku Chembe, ku Cape Maclear. Yesani izi: sankhani mtengo umodzi kapena mphambano imodzi, muikepo chizindikiro poima, muzijambula pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, nthawi yofanana, kwa chaka chathunthu. Zithunzi 12 zimenezo mukadzaziyala pamodzi mudzadabwa.

Chinthu china chimene chimafooketsa anthu ambiri kwathu kuno ndi nkhope zotuluka zakuda bii, zosaoneka maso. Chifukwa chake n'chakuti kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kufuna kuti kukhale pakatikati. Munthu wa khungu lakuda akaima kumbuyo kwake kuli thambo lowala, khoma la laimu kapena madzi a nyanja, kamera imachepetsa kuwala pofuna kuteteza zowalazo, nkhope n'kumira. Pa kamera pali batani lolembedwa +/-. Lidineni muwonjezere kufika pa +0.7 kapena +1. Pa foni gwirani pankhope ya munthuyo pa sikirini, kenako kwezani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukira pambali. Koma njira yoposa zonse ndi kumusuntha munthuyo. Muimikeni pakhonde kapena pakhomo, mkati mwa mthunzi pang'ono, nkhope itayang'ana panja, inu muime panja dzuwa lisakulowa mu lenzi. Kuwala kochokera pabwalo kumadzaza nkhope mofanana, maso amanyezimira, ndipo kumbuyo kumakhala koderako. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka ngati pabwino koma pali misampha iwiri: timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba timapanga mawanga pankhope, ndipo masamba amapaka khungu mtundu wobiriwira. Imikani munthu m'mphepete mwa mthunziwo, osati pakati. Matenti abuluu kapena obiriwira a pamaukwati amachita chimodzimodzi. Ngati kamera yanu imalola RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, jambulani mu RAW kuti mtundu mudzaukonze bwino pambuyo pake, apo ayi tulutsani anthuwo kunja kwa tenti.

Chobwezera kuwala simufunika kugula. Dulani katoni ya masentimita 60 mbali zonse. Mbali imodzi mumatepo pepala loyera, inayo mumatepo foil ya kukhitchini imene mwayamba mwaikwinya n'kuiwongolanso, chifukwa yosalala imathobwa m'maso ndipo imasiya chibanga chowala pachipumi. Mnzanu aigwire mita imodzi kuchokera pankhope, chammunsi pang'ono, mbali imene kuli mthunzi. Mbali yoyera ndi ya dzuwa lamphamvu, ya foil ndi ya madzulo kapena kukakhala mitambo.

Amene simunachokepo pa Auto, pamene kamera imadzisankhira zonse yokha, kusiya Auto kokhako ndi ntchito yokutengerani miyezi mukusangalala. Yambani ndi lamulo lakale la dzuwa: kunja kukawala bwino, aperture (kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, kamene kamakula nambala ikamachepa) ya f/16, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) 100 ndi shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) ya 1/100 kapena 1/125 ya sekondi zimapereka chithunzi choyenera. Kukakhala mitambo yopyapyala tsegulani kufika f/11 kapena f/8, mumthunzi f/5.6 kapena f/4. Kuti chithunzi chisagwedere mutagwira kamera m'manja, nambala ya shutter isatsike kuposa kutalika kwa lenzi: pa 200mm musatsike 1/200, ndipo pa makamera a sensa yaing'ono ndi bwino 1/320 (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi m'kamera). Magule monga beni, malipenga kapena ingoma amafuna 1/500 kuti miyendo ndi fumbi ziime. Kukayamba kuda musaope kukweza ISO kufika 1600 kapena 3200. ISO yokwera imabweretsa timadontho, komabe chithunzi cha timadontho chimakonzeka ndipo chimaoneka bwino chikatsukidwa, koma chogwedera chilibe mankhwala. M'holo kapena m'tchalitchi mukaona mizere yakuda yopingasa pachithunzi, si kuti kamera yafa. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena a LED ndi machubu amaphethira mofulumira moti diso siliona. Ikani shutter pa 1/50 kapena 1/100, mizereyo idzachepa kapena kutheratu.

Pali masewera atatu a shutter amene amatsitsimutsa ngakhale munthu amene watoperatu. Oyamba ndi kutsata wakabaza ndi kamera. Ikani kamera pa S, kapena Tv ngati ndi Canon, pamene shutter mumasankha nokha, shutter 1/30, ISO 100, focus (kulunjika kwa lenzi pa chinthu kuti chioneke bwino) yotsata chinthu choyenda. Imani mamita 6 kapena 8 kuchokera pamsewu, pamalo otetezeka, zigongono zitagunda nthiti. Muyambe kumutsata akadali patali, mutembenuke ndi chiuno osati manja okha, mudine ali pamaso panu, ndipo mupitirize kutembenuka ngakhale mutadina kale. Njinga imatuluka yooneka bwino, kumbuyo kwake kuli mizeremizere. Zolakwika zake ndi ziwiri. Ambiri amaima akangodina, chonse n'kugwedera. Ena amayesa masana dzuwa likuswa mtengo, pamene 1/30 imalowetsa kuwala kochuluka moti ngakhale f/22 sikwanira, chithunzi n'kuyera mbee. Chitani zimenezi m'mamawa, madzulo kapena kukachita mitambo. Zithunzi zambiri zidzalephereka, ndipo ndi mmene masewerawa alili kwa aliyense.

Achiwiri ndi madzi. Pa mathithi monga Williams pa phiri la Zomba, a Likhubula ku Mulanje kapena Manchewe kufupi ndi Livingstonia, shutter ya theka la sekondi imasandutsa madzi kukhala osalala. Pamafunika kamera isagwedezeke n'komwe. Ngati mulibe tripod, chokhazikapo kamera cha miyendo itatu, thirani kilogalamu imodzi ya mpunga kapena nyemba m'kathumba ka nsalu, musadzazitse, mukaike pamwala n'kukhazikapo kamera. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisaigwedeze. Kukawala kwambiri pamafunika filter yakuda yotchedwa ND64, imene imasintha 1/125 kukhala pafupifupi theka la sekondi. Popanda imeneyo fikani m'mamawa dzuwa lisanawale m'chigwamo. Muziyang'ana galasi la lenzi pafupipafupi, chifukwa timadzi touluka timamatirira osaoneka, n'kuwononga zithunzi zonse zotsatira. Miyala ya pamathithi ndi yoterera, ndipo nthawi ya dzinja madzi amatha kudzaza mwadzidzidzi mvula itagwa kumtunda, choncho musaime m'kati mwa mtsinje.

Achitatu ndi usiku, ndipo pamenepa a kumudzi mwaposa a m'tauni. Kumene kulibe magetsi ambiri thambo limadzaza nyenyezi zimene ojambula a m'mizinda ikuluikulu ya kunja amayenda maulendo ataliatali kuti akazione. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala mitambo imachepa ndipo chigawo chowala kwambiri cha mlalang'amba chimadutsa pamwamba pathu. Sankhani usiku wopanda mwezi. Lenzi ikhale pa 18mm, aperture yotsegula mpaka pamapeto, imene pa lenzi wamba ndi f/3.5, ISO 3200, shutter masekondi 15. Mukapitirira masekondi 20 nyenyezi zimayamba kukoka timichira chifukwa dziko likuzungulira. Focus yodziyendera yokha imasochera mumdima, ndiye izimitseni, mukulitse nyenyezi imodzi yowala pa sikirini, muzungulize mphete ya focus mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kakang'onong'ono, kenako osaikhudzanso. Thambo lokha limatopetsa, choncho ikani chinthu patsogolo, kaya mlambe, nkhokwe kapena denga la tchalitchi, muchiwalitse ndi tochi kwa sekondi imodzi yokha kuchokera chammbali. M'miyezi yozizira mame amagwa pagalasi la lenzi pakapita kanthawi, ndipo mukaona nyenyezi zikuyamba kufufuma, yang'anani pamenepo musanayambe kukayikira focus. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi Pro kapena Night, ndipo atakhazikidwa pa kathumba kaja amachita zodabwitsa. Kunyanja, masiku omwewo a mdima ndi amene asodzi a usipa amayatsa nyali pamadzi. Jambulani chisisira chisanathe, kuti mabwato ndi mapiri zizionekabe pamodzi ndi mzere wa nyalizo. Mwezi wathunthu ndi wosiyana: ndi wowala kwambiri, umafuna f/11, ISO 100 ndi 1/100, apo ayi umatuluka ngati chibanga choyera.

Koma Akonzi, zonse tanenazi sizithandiza ngati zithunzi zikuthera m'khadi. Ichi ndiye chimapha chidwi mwakachetechete kuposa china chilichonse. Munthu ali ndi zithunzi zikwizikwi, sangapeze ngakhale chimodzi chimene amachikonda, ndipo akaganiza zoyamba kusankha amagwa ulesi. Mukabwera kojambula, koperani zithunzi mu foda yolembedwa chaka, mwezi ndi malo. Dikirani masiku awiri musanasankhe, chifukwa tsiku lomwelo mumakonda chithunzi poganizira mmene munavutikira pochijambula, osati mmene chikuonekera. Pa 36 zija sankhani zisanu. Konzani zisanu zokhazo, ndipo mokonza mwake mukhale mopepuka: kuwongola mzere wa nyanja kapena denga, kudula zosafunika m'mbali, kukweza mithunzi pang'ono. Snapseed pa foni, darktable kapena GIMP pa kompyuta, onsewa ndi aulere ndipo amakwanira. Pewani kusalaza khungu mpaka munthu aoneke ngati chidole, komanso kuyeretsa nkhope ya munthu kuposa mmene alili. Kumeneko ndi kumunyoza, ngakhale iye atakupemphani mosadziwa.

Ndiyeno mwezi uliwonse tsukitsani zithunzi zitatu kapena zisanu. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna mapikiselo 1200 kwa 1800, cha A4 chimafuna pafupifupi 2480 kwa 3508, kutanthauza kuti kamera ya ma megapixel 12 ndi yokwana kale. Zimene zimalakwika ku studio n'zodziwika. WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye potumiza sankhani Document, kapena pitani nazo pa flash drive. Mafoni ambiri amajambula muyeso wa 4:3 pamene pepala la 10 kwa 15 ndi la 3:2, ndiye makina amadula okha mitu kapena mapazi. Dulani nokha pa 3:2 musanapereke. Chithunzi chotsukidwa chimaoneka chakuda kuposa cha pa sikirini chifukwa sikirini imadziwalitsa yokha, choncho pokonza tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati, ndipo tsukitsani chimodzi choyesera musanalipire zonse. Kuseri kwake lembani ndi pensulo tsiku, malo ndi mayina. Chimodzi mupite nacho kwa munthu amene munamujambula. Mayi wogulitsa tomato amene walandira chithunzi chake m'manja amakulandirani mwansangala ulendo wotsatira, ndipo anzake amayamba kukuitanani okha.

Pa kasungidwe tingonena mwachidule: chithunzi chili pamalo amodzi chili pangozi. Chikhale pa kompyuta, pa hard drive ina yosungidwa padera, ndipo zosankhidwa zija zikhalenso pa intaneti. Chenjerani ndi makhadi achinyengo, olembedwa 128GB koma mkati muli malo ochepa. Amaoneka ngati akugwira ntchito mpaka atadzaza malo enieniwo, kenako zithunzi zimakana kutseguka. Khadi latsopano liyeseni ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, kapena lidzazeni ndi mafayilo n'kuwatsegula, musanapite nalo ku mwambo wofunika. Mukakopera zithunzi, khadilo lifufuteni polichita format m'kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Kamera yogona m'kabati imadwala, makamaka nthawi ya dzinja komanso m'madera achinyezi monga Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo. Chuku chimamera mkati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude, zithunzi zimayamba kutuwa, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi moti ngakhale mmisiri sangabwezeretse. Chimakonda mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda, ndiye chikwama cha kamera choikidwa m'kabati ya zovala ndi malo oipitsitsa. Pezani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo kamera ndi malenzi pamodzi ndi magalamu 100 kapena 200 a silica gel, timibulu tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Timibuluti tikakhuta chinyezi sitigwiranso ntchito, ndiye tiumitseni mu uvuni pa madigiri 100 mpaka 120 kwa ola limodzi kapena awiri, titachotsedwa m'timapepala take. Mpunga suthandiza kwenikweni ndipo umasiya fumbi. Mankhwala oposa onse ndi kuitulutsa kamerayo sabata iliyonse kuti ione kuwala ndi kupitidwa mphepo. M'chilimwe mdani ndi fumbi. Posintha lenzi zimitsani kamera, muiyang'anitse pansi, mufulatire mphepo. Mukafuna kudziwa ngati sensa yada, jambulani thambo pa f/22, madontho adzaonekera. Ipemerereni ndi kapampu ka labala. Musauzire ndi pakamwa, malovu amasiya mabanga ovuta kuchotsa. Batire mulichotse ngati kamera ikhala mwezi osagwira ntchito, lisungidwe lili ndi moto wa theka, ndipo kamera isatsale m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala.

Njira ina yokoma ndi yobwerera m'mbuyo. Fufuzani m'maalubamu a makolo chithunzi chojambulidwa panja, mupite pamalo omwewo, mupeze pamene wojambulayo anaima poyerekeza mzere wa phiri, ngodya ya nyumba kapena mtengo umene ulipobe, mujambulenso. Nyumba zakale monga Mandala ku Blantyre, ya mu 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891, zili ndi zithunzi zakale zambiri zoti mungayerekeze nazo, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala komweko imasunga zithunzi za makedzana. Koma sukulu ya pulaimale imene munaphunzira, sitolo ya pa trading centre kapena mlatho wa kwanu n'zofunika chimodzimodzi, ndipo mwina palibe wina amene akuzijambula. Zithunzi zakale za m'banjazo muzijambulenso kuti zisatayike. Ziyaleni pafupi ndi zenera, dzuwa lisaziwombe mwachindunji, flash ikhale yozimitsa, foni igone molingana ndi pepalalo kuti ngodya zisapotoke.

Tisaiwale ulemu, poti chidwi cha ambiri chinathera pa kukalipiridwa pamsika. Perekani moni kaye, fotokozani chimene mukuchita ndi kumene chithunzicho chipite, kamera ikadali m'chikwama. Wokana musamuumirize ndipo musamube chakutali ndi lenzi yaitali. Ana musawajambule popanda kholo kapena wowayang'anira. Gule Wamkulu ndi mwambo wokhala ndi eni ake, ndipo chilolezo chimachokera kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambowo. Akanena kuti apa ayi, ndi ayi. Ngakhale pa miyambo ya poyera monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Umthetho ku Hora kapena Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, funsani okonza mwambo pamene mungaime, ndipo musadutse kutsogolo kwa mafumu pothamangira chithunzi. Malo a asilikali, nyumba za boma zotetezedwa ndi mbali zina za mabwalo a ndege n'zoletsedwa, musayese n'komwe. Ndipo khalidwe lojambula anthu ovulala pangozi kapena mitembo n'kumamwaza pa WhatsApp lilibe malo pakati pa okonda zithunzi. Abale ena amamvera uthenga wa maliro pa zithunzi zoterozo.

Kujambula wekha nthawi zonse kumalemetsa. Anthu atatu kapena anayi ndi okwana, mukachuluka mumatsekerezana ndipo anthu amachita nanu mantha. Gwirizanani mutu umodzi pamwezi, monga madzi, manja kapena mtundu wofiira, muyende limodzi maola awiri, ndipo sabata yotsatira aliyense abwere ndi zithunzi zitatu zotsukidwa. Pokambirana musamangoti n'chokongola. Nenani pamene diso lanu layamba kugwera, chimene chikusokoneza m'mbali, ndi pamene mukanaima mukanakhala inuyo. Muzibwerekananso malenzi, kuti munthu ayese kaye asanataye ndalama pa chinthu chimene sachifuna.

Pomaliza tili ndi pempho kwa inu Akonzi. Tipatseni kangodya m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, koikapo chithunzi cha owerenga. Muzilengeza mutu mwezi usanayambe, muzilandira zithunzi za pafoni ndi za kamera mofanana, ndipo pansi pa chithunzi chosankhidwa muzilemba dzina la wojambula, malo, nthawi imene anajambula ndi mmene anaikira kamera yake, kuti ena aphunzirepo. Dzinalo n'lofunika, chifukwa lamulo la Copyright la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, koma zithunzi za anthu wamba zimangotengedwa pa intaneti n'kugwiritsidwa ntchito popanda kupempha kapena kutchula mwini wake. Otumiza muziwauza kuti atumize fayilo yosafinyidwa, ndiponso atsimikize kuti anthu ooneka pachithunzipo anavomera kuti chituluke m'nyuzipepala.

Okonda kujambula zithunzi,
Zomba